Bwalo loyang'ana kummwera

29 Marichi 2025, Loweruka, Chilomoni

Mayi a kunyumba andiuza kuti nkhani ya malo ndaiyankhula mokwana, tsopano ndiziilemba kuti tizionera limodzi ngati ikupita patsogolo kapena ikungozungulira. Ndiye ndayamba lero.

Tikufuna malo kuchigwa, ku Chikwawa kapena motsikirako pang'ono, oti timangepo nyumba ya zipinda zitatu ndi bwalo loikapo telesikopu, galasi loonera nyenyezi. Ntchito yanga ili mu Blantyre muno ndipo sindingaisiye, choncho malowo akhale poti ndikaweruka Lachisanu ndikagone komweko, Lolemba mbandakucha n'kukwera phiri kubwerera.

Usiku uno mwezi uli kumdima, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ndatulutsa telesikopu pakhonde. Ndi yakale, ya mtundu wa Dobson, galasi lake ndi la mamilimita 200, anandibweretsera alamu anga pa basi kuchokera ku Johannesburg. Jupiter ndamuona bwino ndi timiyezi take, poti mapulaneti saopa magetsi. Koma thambo lonse lili mbuu ngati phulusa, ndipo Mlalang'amba kulibe. Mwana wathu wamkazi, wa zaka 9, amangoumva dzina.

Ine ndinakulira ku Bangula kwa agogo. Nyengo yotentha tinkagona panja pamphasa, iwo n'kumatilozera: ako ndi Nsangwe, atatu ondondozana awo ndi Akamwiniatsatana, ya mbandakucha ija ndi Nthanda. Pa 21 Juni 2001, tsiku la kadamsana, ndinali Sitandade 6. Cha m'ma 3 koloko masana kunada ngati madzulo, nkhuku n'kuyamba kulowa m'khola. Kuchokera tsiku limenelo maso anga sanabwererenso pansi.

Anthu oona nyenyezi amayeza mdima ndi muyeso umene John Bortle anakonza mu 2001: 1 ndi mdima wa ndiweyani, 9 ndi pakati pa mzinda waukulu. Pakhonde panga pano ndingapaike pa 7. Ndikufuna 3, kapena 2 Mulungu akalola. Makina oyezera ndilibe, ndiziyesa ndi maso. Pambali pa nyenyezi zinayi za mtanda wa kummwera pali kachigamba kakuda bii kamene amati Coalsack, mtambo wa fumbi wotchinga nyenyezi za kuseri kwake. Kameneka sikaoneka pokhapokha Mlalang'amba wozungulira ukuwala. Malo amene kadzaoneke bwino ndi maso okha, ndidzawalemba.

26 Epulo, Thabwa

Kuchoka ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, koma umatsika kuchoka pa mamita opitirira 1,000 kufika cha pa 100. Ndinkaganiza kuti phiri lokhalo litchinga mzinda, ndiye ndinayambira m'tsinde mwake, pamalo amene mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti akutsatsidwa.

Phiri latchingadi mababu, koma cheza chake ayi. Kumpoto chakummawa, pamwamba pa mzere wa mapiri, kuli chiyerekezo cha mbandakucha usiku wonse. Chimenecho ndikanapirira. Chandikanika ndi magalimoto. Msewu wa M1 umatsika mokhotakhota, ndipo lole iliyonse ikakhota nyali zake zimasesa chigwa ngati munthu woweyula tochi. Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, kuwala kamodzi kokha n'kuyambiranso. Ndakhala kuyambira 8 koloko mpaka pakati pa usiku osapeza mphindi 20 zamtendere.

Coalsack yaoneka mwa apo ndi apo. Pano ayi.

24 Meyi, pakati pa Dyeratu ndi Nchalo

Ulendo uno wandiphunzitsa chimene chasintha kafunidwe konse, ndiye ndilemba motalikirapo.

Ndinabwera ndi maganizo oti mdani ndi Blantyre, ndipo mankhwala ake n'kutalikira. Pali zoona zake. Merle Walker, katswiri wa zakuthambo wa ku California, anapeza kuti cheza cha mzinda chimazilala mwachangu ukamatalikira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwalako kumachepa koposa kasanu. Pano Blantyre yatsaladi kachidontho kumpoto. Koma nditatembenukira kummwera, mtima unagwa. Pansi penipeni pa mtanda pali cheza cha Nchalo, chachikasu, chokwera ndithu. Nyengo yodula nzimbe yayamba, fakitale ya shuga ikugwira usana ndi usiku, ndipo chakumadzulo kumayatsidwa minda yoti idulidwe, moto wake n'kufiiritsa thambo. Sindikudandaula nazo. Magetsi amenewo ndiwo nsima ya mabanja ambirimbiri, ena mwa iwo abale anga. Kungoti sindingamange bwalo langa moyang'anizana nawo.

Chifukwa chake ndi ichi. Ife tili pa madigiri 16 kummwera kwa equator, choncho thambo lathu limazungulira pa malo amene ali madigiri 16 pamwamba pa chizimezime cha kummwera. Ukatambasula mkono, nkhonya imodzi imaphimba madigiri 10, ndiye ndi nkhonya imodzi ndi theka basi. Zokoma zonse zimene anthu a ku Ulaya amakwerera ndege kudzaona kuno zimayenda chakumeneko, ndipo sizikwera kwambiri. Mtanda umalekeza pa madigiri 46. Mitambo iwiri ya Magellan, magulu a nyenyezi ooneka ngati mitambo, waukulu umafika pa 36, waung'ono pa 33. Kumpoto kukhale kowala, ndingotaya zochepa. Kummwera kukawala ndataya chimene ndabwerera.

Ndiye funso siloti ndili kutali bwanji ndi mzinda. Funso ndi loti ndikayang'ana kummwera, kutsogoloko kuli chiyani, ndipo zaka 20 zikubwerazi kudzakhala chiyani.

Chinanso chimene ndinachiona m'mawa. Pakhoma la nyumba imene ndinagona pali mzere wa matope wofika m'chiuno mwanga. Bambo a panyumbapo anandiwerengera pa zala: madzi a Januwale 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022, a Freddy mu Marichi 2023. Anati, "Achimwene, malo a kuno musamawaone mu Meyi. Funsani kumene mbuzi zimathawira mu Febuluwale." Ndalemba mawu amenewa pachikuto cha kabuku.

28 Juni, East Bank

Ndawoloka kupita kutsidya la kummawa kwa Shire, cha ku Livunzu, chifukwa pamapu kummwera kwake ndi Elephant Marsh, dambo lalikulu lija lopanda ndi babu limodzi lomwe. Lachisanu chiperoni chinakuta mapiri a Thyolo, mitambo n'kusefukira kuchigwa, sindinaone kanthu. Lero kwayera cha m'ma 11 usiku.

Mdima wake ndi umene ndimaukumbukira ku Bangula. Pakati pa Mlalang'amba panali pamutu panga penipeni, potupa ngati mimba ya nsato, timisewu takuda tikudutsa mkati. Koma pasanathe ola mame anali atanyowetsa kagalasi koonerapo, ndipo udzudzu, ngakhale ino ndi nyengo yozizira, sunandipatse mpata.

Mayi a kunyumba akana, ndipo ndagwirizana nawo. Mitsinje yotsika m'mapiri imadula msewu uno chaka ndi chaka. Mwana atadwala usiku mu Januwale, tingatuluke bwanji? Malo okongola, koma si oika banja limene bambo wake amakhala kutali masiku asanu pa sabata.

26 Julayi, msewu wa Chapananga

Malo ano ndinkawadziwa kale, ndipo ndi mayi a kunyumba amene anandikumbutsa. Ndi kwawo kwa amayi awo, kumadzulo kwa boma la Chikwawa, usanafike pa mlatho wa mtsinje wa Mwanza uja unakokoloka ndi namondwe Ana. Ndakhala ndikubwera pa maliro ndi pa maukwati, nthawi zonse pali moto ndi nyali, ndipo sindinkakuwerengera poti kuli patali ndi M1 ndiponso kulibe magetsi. Ndinali ndisanagoneko usiku wopanda mwezi.

Nditatsegulanso mapu ndi funso latsopano lija, ndinaona chimene ndinkachidumpha. Kumpoto kuli nkhalango ya Majete, masikweya kilomita 700, yotchingidwa ndi waya, imene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2003. Kummwera, kutsidya kwa Mwanza, kuli Lengwe, yaikulu kuposanso Majete, yokafika mpaka kumalire a Mozambique. M'nkhalango za boma simumangidwa midzi kapena misika. Mdima wa kummwera kuno ukulonderedwa ndi lamulo limene linaikidwira nyala ndi njati.

Atsibweni a mayi a kunyumba anandiperekeza pa kachitunda ka miyala kuseri kwa mudzi, pamene palibe amalima chifukwa khasu limangolira. Pali mitengo ya masau, ndi mlambe umodzi chakumpoto. Anati chibadwire chawo madzi sanakwerepo.

Mwezi, kakang'ono ngati chikhadabo, unalowa msanga. Pofika 8 koloko Coalsack inali bii, m'mbali mwake mooneka bwino ngati pamene pang'ambika nsalu. Omega Centauri ndinaiona ndi maso okha, kachiphuphu kotuwa, ndipo mu telesikopu inasweka kukhala nyenyezi zosawerengeka ngati shuga wotayikira pa nsalu yakuda. Zilipo mamiliyoni, ndipo kuwala kumene kunalowa m'diso langa kunanyamuka kumeneko zaka pafupifupi 17,000 zapitazo. Atsibweni anasuzumira, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Zonsezi zili m'kadontho kaja?" Ndinawalozera Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa ziwiri zotsatira mtanda, n'kuwauza kuti imeneyo ndiyo mnansi wa dzuwa lathu, kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo.

Blantyre ikuoneka ngati kansalu kotuwa pansi kumpoto chakummawa, Nchalo kadontho kummawa chakummwera, kosafika nkhonya imodzi. Kummwera kwenikweni kuli zii. Ndikupaika pa 3, ndipo kumutu kuno mwina 2. Kuchoka ku Chilomoni ndayenda maola awiri osakwana.

23 Ogasiti

Ndabweranso kudzayesa, ndipo ndapeza mavuto awiri, lina la kumwamba, lina la pansi.

La kumwamba ndi utsi. Lupsa layamba, anyamata akutentha tchire posaka mbewa, nzimbe zikuyatsidwa, ndipo chigwa chili ngati mbale yosunga zonsezo. Dzuwa lalowa psuu, loti n'kuliyang'ana osaphethira. Nyenyezi zonse za pansi pa nkhonya ziwiri zazimirira. Izi zikhala chonchi mpaka mvula, ndipo kulibe malo m'chigwa muno othawirako. Ndavomereza kuti miyezi yanga yeniyeni ndi Epulo mpaka Julayi, ndi mausiku oyera a pakati pa mvula.

La pansi ndi lalikulu. Mwezi watha ndinakhala pachitunda paja mpaka 3 koloko m'mawa ndi chimpope chachitali ndi tochi yofiira. Tochiyo ndimaikuta ndi pulasitiki wofiira chifukwa kuwala kofiira sikuwononga kuzolowera kwa diso. Koma amene ankandiona ali kumudzi sankadziwa zimenezo. Anaona mkamwini wa kutauni ali yekha pathengo usiku, kamoto kofiira kakuyendayenda. Nkhani inafika kwa amfumu. Ine sindinaitenge mopepuka ngakhale pang'ono. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kummwera kuno, ndipo zinkayamba ndi zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Kulakwa kunali kwanga, ndinakwera pachitunda ndisanadziwitse eni mudzi.

Tapita lero m'mawa ndi atsibweni, nkhuku m'manja. Titakhala pansi ndi kuwomba m'manja, amfumu anati, "Akamwini athu, tamva kuti mumachezera usiku ndi mfuti yaikulu. Tiuzeni mumasaka chiyani."

Ndinati, "Wawa amfumu, ndinalakwa posabwera kuno poyamba. Si mfuti, ndi galasi loonera nyenyezi. Ndikupempha kuti ndidzalibweretse pabwalo panu, aliyense aonemo yekha."

Anafunsa ngati limajambula anthu m'nyumba zawo. Ndinalitsitsa m'galimoto, n'kuchotsa chivundikiro, iwo anasuzumira mkati n'kuona nkhope yawo pagalasi la pansi. Anaseka, kenako anati, "Safunsa anadya phula. Mwachita bwino kubwera." Ndawauza kuti Lamulungu pa 7 Seputembala mwezi udzafiira madzulo, ndipo tapangana kuti tidzaonere limodzi pabwalo pawo.

7 Seputembala, Lamulungu

Ndapempha tchuthi cha mawa kuntchito. Mafuta ndinaimira pamzere kuyambira Lachinayi.

Mwezi unatuluka wathunthu, ndipo cha m'ma 6:30 unayamba kudyeka mbali imodzi. Anthu anali atadzaza bwalo, ana kutsogolo, amayi ndi mphasa zawo. Pofika 7:30 wonse unali utalowa mumthunzi wa dziko, wofiira ngati njerwa yootcha, ndipo unakhala choncho mphindi 82. Ndinafotokoza ndi lalanje, mpira ndi tochi: dziko laima pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo kufiirako ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwadutsa mumpweya wokuta dziko, monga zimachitikira dzuwa likamalowa. Agogo ena aakazi anati kale zikatere ankaimba zitini kuti mwezi umasulidwe. Ndinawapempha afotokozere ana, ndipo anafotokoza bwino kuposa ine.

Mwezi utada, Mlalang'amba unatulukira pamutu pathu ngakhale kunali utsi. Mwana wathu anandigwira dzanja, anati, "Adadi, ndi umenewu?" Ndinangogwedeza mutu, mawu sanatuluke.

Kenako ndinaloza telesikopu kwa Saturn, amene anali chakummawa pansi pa mwezi. Chaka chino mphete zake tikuziona cham'mbali, choncho akuoneka ngati kalalanje kobayidwa ndi singano. Amfumu anaona koyamba, kenako mzere unafika kumsewu. Ndinaleka kuwerenga anthu. Mnyamata wina wa Fomu 3 anaphunzira kukankha telesikopu kutsatira Saturn akamathawa m'galasi, ndipo theka la usikuwo anagwira ntchitoyo ndi iyeyo.

18 Okutobala

Mbumba inakhala pansi sabata yatha ndipo yavomera. Lero amfumu, atsibweni ndi mboni atiyendetsa m'malire, mamita 40 mbali ina, 50 mbali ina, tazika miyala m'makona ndipo tidzabzala khonje mvula ikagwa. Anzanga ena kutauni andichenjeza kuti mkamwini samanga nyumba ya malata kwa mkazi. Ndawamva. Malowa ndi a mayi a kunyumba ndi ana, ndipo tikufuna kuwalembetsa m'dzina lawo monga lamulo la malo a makolo la 2016 likulolera. Nyumbayo ndikumangira iwowo.

Kutentha kwafika poipa, masana kupitirira madigiri 40. Telesikopu inakhala m'galimoto ndipo galasi linatenga maola awiri kuti lizizire. Ngakhale litazizira, nthaka ya miyala imatulutsa kutentha mpaka pakati pa usiku, Saturn n'kumavina ngati ali pansi pa madzi. Ndaphunzirapo kuti bwalo lisakhale la konkire yaikulu. Ndidzathira kasilabu kongokwana telesikopu, kozungulira kukhale udzu. Chipinda chosungiramo chikhale cha mazenera a mpweya mbali ziwiri.

Mjigo wapafupi madzi ake ndi amchere, monga mijigo yambiri m'chigwa muno. Akumwa amachokera ku mjigo wa kusukulu, mphindi 15 pa njinga. Tiika magatala ndi thanki.

Nkhani imene ndimaiopa inali ya nyali. Oyandikana nawo kummwera chakumadzulo ali ndi babu la sola loyera kwambiri pamtengo, loyang'ana uku ndi uku, ndipo limagwera pachitunda ponse. Ndisanalankhule ndinafunsa chifukwa chake. Anawabera mbuzi zinayi chaka chatha. Munthu wotere sungamuuze kuti azimitse nyali kuti iwe uone nyenyezi. Ndinapempha kuti tiyese chinthu chimodzi: tinadula chitini cha mafuta ophikira, n'kuchiveka babulo ngati chipewa, n'kulitsitsa kuti liyang'ane pakhola. Khola linawala kuposa kale, poti kuwala kumene kunkathawira kumwamba tsopano kukugwera pansi, ndipo iwo eni anati maso sakuthobwanso akatuluka usiku. Kwathu tidzachita chimodzimodzi, mababu achikasu, ovekedwa, oyang'ana pansi, okhala ndi switchi yake panja.

Ndikudziwa kuti ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira ikadzatha, dera lino lidzasintha, ndipo magetsi adzafika. Ndikufuna afike. Ana a kuno awerenge usiku ngati anga. Chimene ndingachite ndi kuyamba msanga kuonetsa anthu chipewa cha chitini.

22 Novembala

Mvula yoyamba yagwa Lachinayi, yamphamvu, ndipo ina yagwa lero masana ndili pompano. Ndinavala majombo n'kuyenda malo onse madzi akuthamanga. Amachoka pamlambe kutsikira kummawa, n'kukumba kangalande pamene ndinafuna kuika khitchini. Ndasuntha zikhomo za nyumba mamita asanu chakumadzulo. Pamene padzakhale telesikopu sipanaime madzi.

Nyumba idzakhala kumpoto kwa bwalo kuti izitchinga cheza cha Blantyre. Mitengo ya mthunzi tibzala kumpoto ndi kumadzulo. Kummwera kusabzalidwe chotalika kuposa munthu, ndipo ndawapempha atsibweni kuti akumbutse aliyense wobwera ndi mbande ine kulibe.

Madzulo mitambo inang'ambika, ndipo utsi wonse wa miyezi itatu watsukidwa. Nsangwe inatuluka kummawa kutangoda, atsibweni n'kunena kuti imeneyo ikamatuluka nthawi imeneyi mbewu zikhale zili m'manja. Mwana wathu anawerengamo nyenyezi zisanu ndi ziwiri, ine zisanu ndi zitatu. Kummwera mitambo iwiri ya Magellan inali mbee, ngati zidutswa zothothoka ku Mlalang'amba. Mnyamata wa Fomu 3 uja anabwera osaitanidwa, ndipo anapeza yekha 47 Tucanae, gulu la nyenyezi longa Omega Centauri, pambali pa mtambo waung'ono. Ndamusiyira ma binoculars anga ndi kabuku koti azilembamo usiku uliwonse ngati kuli mitambo kapena ayi, kuti pofika chaka chamawa tidziwe mausiku oyera alipo angati.

Maziko sitikumba mpaka mvula itatha. Ndibweranso kumapeto kwa Januwale ndi mu Marichi kudzaona kumene mbuzi zikuthawira, komanso ngati msewu ukudutsika Mwanza ikadzaza. Pakadali pano mmisiri awerengere mabuloko ndi malata, ndipo mchenga tiunjike Disembala asanathe, mtsinje usanatseke njira ya ngolo.